Denga Lobwereka

Anachiona ndi dokotala wa mano,
Lachiwiri, ku Pitsmoor, mvula ikuwaza ngati yokakamizidwa.
Ine ndinkati ndi chilonda cha tiyi wotentha.
Iye anakhala chete nthawi yaitali
kuposa imene dzino limafuna.

Patapita milungu itatu, pachipatala chachikulu cha mu Sheffield,
Bambo Ashworth anajambula pakamwa panga papepala:
apa lilime, apa mano, apa denga.
Chotupa chili apa, anatero,
nadula denga lonselo ndi cholembera.
Ndinafunsa funso la mwana wa kalipentala:
nanga malata atsopano muwatenga kuti?
Anandigwira mkono wamanzere, nautembenuza,
nagogoda pamene pamagona lamba wa wotchi.

Kwa maola khumi ndi limodzi ine kunalibe.
Akuti anasenda khungu ndi mitsempha yake yomwe
monga mbande imazulidwira ndi dothi lake,
nakailumikiza m'khosi ndi ulusi
umene diso lokha silingauone.
Nankhoma anawerenga mabasi pawindo.
Anafika pa makumi asanu ndi anayi, kenako anasokoneza.

Usiku anamwino ankabwera ola lililonse
ndi katochi, ndi kamakina komvera magazi,
kudzasuzumira ngati mbande yagwira.
Fuu, fuu, fuu.
Ndinaphunzira kugona ndikumvetsera munda wanga.

Tsopano mkono ukukhala m'kamwa.
Lilime limauzonda ngati mlendo
amene wafika ndi katundu wosati wa tsiku limodzi.
Sudziwa mchere. Sudziwa kuti phala latentha.
Pakona pali kachipsera ka koloboyi,
ka usiku wina ku Mponela, mayeso a sitandade eyiti ali mawa;
zaka makumi anayi ndinkakaona,
lero ndikukanyambita.
Mwezi wachitatu denga linamera cheya.
Ndinaseka mpaka madzi anatulukira m'mphuno.

Bethan, wophunzitsa kulankhula,
amandiikira kagalasi pansi pa mphuno.
Keke. Kofi. Kapu.
Galasi likachita nthunzi ndiye kuti denga likudontha.
Ndinamuuza kuti chinenero changa chili ndi zitunda zina:
khasu, nkhwangwa, nkhungu, chinkhoswe.
Analemba, analakwitsa, anafufuta,
ndipo kwa theka la ola wodwala anali iye.

Koma pali mawu amodzi amene sindinamupatse.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuitana dzinali,
pamsika, pafoni, mumdima,
osadziwa kuti limayenda motsamira denga.
Na-ho-ma.
Pakati pake pankagwa, mpweya nkuthawira kumphuno.
Iye ankayankha ndithu, wee,
mofulumira kwambiri,
monga timayankhira mwana kuti asalire.
Ndinayamba kumuitana pogogoda tebulo.

Ndinkaliyesa ndekha pamalo odikirira basi,
m'bandakucha, kuzizira kukuluma makutu,
kumene mpweya wa munthu umaoneka ndi maso
ndipo sunganame kuti watulukira pati.
Mayi wina wa kagalu kovala juzi
ankaganiza kuti ndikupemphera.
Sindinamutsutse.

Ndiye m'mawa wa dzulo,
akutsika masitepe kupita kukasambitsa okalamba a eni,
anaiwala magolovesi pampando.
Sindinakonzekere. Sindinaike lilime pamene Bethan amati ndiziliika.
Linangotuluka,
lonse, ndi fupa lake pakati:
Nankhoma!

Anaima, dzanja lili pachitseko.
Sanacheuke.
Panja galimoto yotola zinyalala inkalira chobwerera m'mbuyo.
Magolovesi ndinali nawo m'dzanja lamanzere,
la mkono wa chigamba uja,
wopereka mbale osatsala nayo ina.

Basi indisiya, anatero, akuyang'anabe chitseko.
Itananso.